Mchenga wa Mwera: Gawo Lachinayi

Mwera unawomba sabata yonse osapuma. Mabwato a kwa Malenga Chanzi anali pamtunda, usipa kunalibe, ndipo anyamata anathamangira ganyu yokumba mchenga wa omanga nyumba ku boma la Nkhotakota.

Anganga ake a Yusufu sanakondwe nazo. Iwo kwawo ndi ku Phalombe, kunyanja kuno anabwera ndi ukwati, ndipo napolo amene anatsika phiri la Michesi mu Malichi 1991 anamuona ndi maso awo. Chichokereni nthawi imeneyo sadutsa m'munsi mwa chitunda osayang'ana kaye pamwamba. Anthu amawaseka nazo.

M'mawa umenewo anakwera chitunda cha mchenga, ndodo ili m'manja. Mphepo inali itakokolola mchenga mbali ya kumwera n'kuuunjika kuseri, pamwamba penipeni pa dzenje la anyamatawo. Mawawa a usiku anagwiranitsa pamwamba pake ngati nkhoko za mumphika, koma atabaya ndodo, inangolowa yokha. Pansi panali mchenga wouma, wosagwirana.

Kenako anauona. Mng'alu wopyapyala, wochokera pa tsinde la mgwalangwa mpaka kumapeto kwa chitunda.

"Iwe Yusufu! Tulukamo m'menemo!"

"Anganga, yatsala ngolo imodzi yokha. Abwana alipira madzulo ano."

"Ndati tuluka! A ku Chilobwe nawonso mu 2023 ankati phiri la Soche alizolowera. Nthaka ikang'aluka chonchi sigwa pang'onopang'ono, imatsika yonse pamodzi."

Anyamata anaseka, koma Yusufu anamva kunjenjemera kwa mawu a anganga akewo. Anaponya fosholo pansi, natuluka akung'ung'udza. Anzake awiri anamutsatira.

Apa m'pamene mabelu a ng'ombe anamveka. Mwini ngolo, pofuna kudula njira, anali atakwezera ng'ombe zake pamwamba pa chitunda, molunjika pa mng'alu uja. Anganga anakweza ndodo, akukuwa kuti abwerere, koma mwera unawalanda mawu.

Pansi pa mapazi awo panamveka kuti dii! Mng'alu unayasama mpaka polowa dzanja.

Yusufu anacheuka. Asiyatu, mlongo wake wa zaka 6, anali atatsikira m'dzenje muja kukamutengera fosholo.

"Achimwene, mwaiwala iyi!"

Gudumu la ngolo linaponda pa mng'alu.

Musaphonye gawo lachisanu sabata yamawa.