Chomwe chimachititsa injini ya lole kudukiza pa chikweza

Malole ambiri amene amanyamula katundu pakati pa dziko lino ndi madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam amayendera injini za dizilo zokhala ndi turbo, ndipo limodzi mwa mavuto amene amasowetsa mtendere eni ake ndi kudukiza kwa injini, komwe amakaniko amakutcha misfire. Galimoto imanjenjemera, mphamvu imachepa ndipo mafuta amatha msanga. Kawirikawiri izi zimaonekera lole ikalemedwa pa chikweza ngati cha Chiweta m'boma la Rumphi, kutali ndi galaja.

Injini ikamadukiza ndiye kuti silinda imodzi kapena zingapo sizikuotcha mafuta pa nthawi yake. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kupitirira madigiri 500, kenaka injekita imapopera dizilo ngati nkhungu ndipo amayaka yekha. Choncho silinda ikaphonya, mwina dizilo sanafike bwino, mwina mpweya waperewera, apo ayi mpweya wopanikizidwawo ukuthawira penapake.

Madalaivala ambiri amathamangira kuloza chala turbo, ndipo ena amagula yatsopano pa mtengo wokwera vuto lili pena. Turbo, yomwe katswiri wa ku Switzerland Alfred Büchi adailembetsa ngati luso lake m'chaka cha 1905, imazunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini ndipo imakankhira mpweya wochuluka m'masilinda. Imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Chofunika kudziwa n'chakuti imadyetsa masilinda onse pamodzi. Ikafooka, injini yonse imafooka mofanana ndi kutulutsa utsi wakuda, koma silira motsimphina. Ikamalira motsimphina, vuto lili m'silinda imodzi, ndipo nthawi zambiri ndi injekita kapena valavu.

Ngakhale mpweya utaperewera, si nthawi zonse pamene turbo yafa. Sefa ya mpweya yodzaza fumbi la m'chilimwe, paipi yong'aluka kapena kalampu yomasuka pakati pa turbo ndi intercooler zimabweretsa zizindikiro zomwezo. Pamene mpweya ukuthawira pamamveka kamluzu dalaivala akaponda mafuta, ndipo pamakhala ponyowa ndi oyilo wosakanikirana ndi fumbi.

Utsi umathandiza kulondola vuto. Wakuda umasonyeza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya. Woyera wolowa m'maso ndi dizilo amene watuluka osapsa, pomwe woyera wopanda fungo la dizilo, makamaka madzi akamachepa mu radiator, umasonyeza kuti gasiketi yapsa. Wabuluu ndi oyilo, yemwe amadutsa pa maring'i otha kapena pa turbo yomwe yayamba kudontha.

Pofuna kupeza silinda yomwe ikuphonya pa injini zakale zokhala ndi pampu yamakina, amakaniko amamasula pang'ono nati ya paipi ya injekita, imodziimodzi, injini ikulira. Akamasula ya silinda yabwino, kalilidwe kamasintha ndipo injini imafooka. Akamasula ya silinda yakufa palibe chimasintha, chifukwa sinali kugwira ntchito kale. Ena amayeza kutentha kwa manifold pafupi ndi silinda iliyonse, ndipo yozizirirapo ndi yomwe amaikayikira.

Njira yomasula natiyi ndi yoopsa pa injini zamakono za common rail, zomwe kampani ya Denso ya ku Japan idayamba kuika m'malole a Hino m'chaka cha 1995. M'mapaipi ake dizilo amapanikizidwa kufika pa mabar 1,600 mpaka 2,000, ndipo pena kuposa apo. Kadontho kotuluka ndi mphamvu yotere kamaboola khungu ndi kulowa m'thupi, ndipo munthu angathe kudulidwa chala kapena dzanja. Pa injini zimenezi makaniko amazimitsa injekita imodziimodzi pogwiritsa ntchito kompyuta. Angathenso kulumikiza timabotolo ku mapaipi obwezera mafuta ku thanki: injekita yomwe ikudzaza botolo msanga kuposa zinzake ndiye kuti yatha mkati.

Kompyuta imapereka manambala a vuto. Pa magalimoto ang'onoang'ono ndi malole apakati, P0301 imatanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya, P0300 kuti kuphonyako kukudumphadumpha, P0299 kuti mpweya wa turbo ndi wochepa, ndipo P0087 kuti dizilo sakupanikizidwa mokwanira. Malole akuluakulu amagwiritsa ntchito manambala a mtundu wina otchedwa SPN ndi FMI. Komabe nambala imangouza makaniko kumene kompyuta yaona cholakwika, osati chipangizo choti agule. P0301 ingabwere kaamba ka injekita, waya wothetheka kapena valavu yosatseka bwino. N'chifukwa chake makaniko wosamala amasinthanitsa injekita yokayikitsayo ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka, injekita ndiyo yolakwa. Likatsalira pomwepo, ayenera kuyeza mpata wa mavalavu ndi mphamvu yomwe silindayo ikupanikizira mpweya.

Kudukiza kodumphadumpha kumachokera kawirikawiri ku mafuta. Madzi m'dizilo, sefa yotsekeka kapena mpweya wolowa pa paipi yoyamwira mafuta zimachititsa kuti injini ilire bwino itaima koma izidukiza ikalemedwa, pamene ikufuna mafuta ochuluka. Dizilo wa m'zigubu, yemwe ambiri adamudalira mafuta atasowa m'dziko muno m'zaka za 2011 ndi 2012, amatha kukhala ndi madzi, dothi kapena parafini. Parafini saterera ngati dizilo, motero pampu ndi mainjekita, zomwe zimadalira dizilo yemweyo kuti zisakhulane, zimatha msanga.

Palinso mavuto amene eni malole amadziitanira okha pofuna kuwonjezera mphamvu. Pa injini zakale amapotokola sikuluu ya mafuta pa pampu, ndipo pa zamakono amasintha pulogalamu ya mu kompyuta. Lole imakokadi bwino masiku oyamba, koma dizilo akachuluka popanda mpweya wofanana naye, utsi umatentha mopyola muyezo. Mapisitoni ambiri ndi a aluminiyamu, chitsulo chomwe chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 660 ndipo chimayamba kufewa chisanafike pamenepo. Pa chikweza chachitali mutu wa pisitoni umang'aluka kapena kubooka. Kusintha injekita ya common rail osalowetsa nambala yake mu kompyuta nako kumasiya injini ikunjenjemera ngakhale chipangizocho chili chatsopano.

Kuyendabe ndi lole yodukiza kumakulitsa ndalama zokonzetsera. Dizilo wosapsa amatsuka oyilo m'mbali mwa silinda ndi kutsikira mu sampu, komwe amasungunula oyilo amene amatetezanso mabeyaring'i a turbo ndi a crankshaft. Dalaivala akaona kuti oyilo akukwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika, ndipo akununkha dizilo, ayenera kuimika galimotoyo ndi kuitana makaniko pomwepo.