Kusamukira ku Zomba kuli ngati kuphika m'kamphika

Mayi aliyense amene anaphikapo paukwati kapena pamaliro amadziwa kuti mphika waukulu uli ndi khalidwe lakelake. Umadya nkhuni zambiri, umachedwa kuwira, ndipo mchere wodzaza dzanja umangosowera m'menemo. Mayi yemweyo akabwerera pakhomo pake n'kutereka kamphika ka anthu anayi, amasintha dzanja. Akapanda kutero ndiwo ziwawa mchere, nsima ipserera. Munthu wochoka ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukakhala mumzinda waung'ono ali ngati mayi ameneyu. Ine ndinachoka ku Blantyre kudzakhala ku Zomba chifukwa cha ntchito, ndipo ambiri amene amandifunsa za kuno amangofuna kudziwa mtengo wa lendi. Funso limenelo n'loyenera, koma chachikulu n'chakuti miyezo yonse imene munazolowera iyenera kusintha.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, ndipo mu Zomba anapezamo 105,013. Ndiye kuti Zomba ingalowe mu Blantyre pafupifupi ka 8. Komatu musaipeputse. Kuno n'kumene kunali likulu la dziko mpaka mu 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka mu 1994. Kamphika aka n'kakale, kanaphikira anthu ambiri, ndipo eni ake amakanyadira. Mukafika ndi mawu akuti "kwathu ku Blantyre sitichita choncho", adzakumverani mwaulemu, koma mumtima adzakuikani pambali.

Chokoma choyamba n'chakuti kamphika kamawira msanga. Ndili ku Blantyre ndinkadzuka kusanache kuti ndipeze malo m'minibasi, ndipo madzulo ndinkafika ana atagona kale. Kuno kuchoka ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Chinamwali kufika m'tauni ndi nkhani ya mphindi zowerengeka, ndipo ambiri amangokwera kabaza kapena kuyenda wapansi. Banki, msika, positi ndi depoti zili moyandikana, moti zimene kale zinkandithera tsiku lonse ndimazimaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Nthawi yotsalayo ndi chuma chenicheni. Ndinayamba kudya chakudya chamasana kunyumba, ndinayambanso kuona makope a ana anga tsiku ndi tsiku, chinthu chimene kale ndinkangochita Loweruka.

Koma kamphika kowira msanga kamamvekanso mchere msanga, ndipo apa m'pofunika kukhalitsapo.

Patangotha milungu itatu chisamukireni, mwana wanga wamng'ono anadwala malungo ndipo tinagona naye kuchipatala masiku awiri. Nditapita kumsika waukulu kukagula matemba a ku Chilwa, mayi wogulitsayo, yemwe ndinali nditamugula kawiri kokha, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwana uja wadzuka bwanji? Tamva kuti munali kuchipatala." Anatapa matemba ena n'kuwonjezera pamulu paja, akuti a wodwala. Nditafunsa kuti wamva kwa yani, anati mlamu wake ndi woyandikana nafe nyumba. Ndinabwerera ndi mtima wofunda, pakuti zaka zonse zimene ndinakhala m'tauni yaikulu palibe wamalonda anandifunsapo za mwana.

Khomo limene chifundo chimalowera ndi lomwelo limene mbiri yoipa imatulukira. Tsiku lina ndinamukalipira mmisiri wina wowotcherera zitsulo chifukwa chochedwetsa geti yanga, ndipo ndinalankhula mawu olemera kuposa cholakwacho, pamaso pa anyamata ake. Lamulungu lotsatira ndinamupeza kutchalitchi ali mmodzi wa akulu ampingo olandira alendo pakhomo. Ndinapita kukapepesa, iye anandikhululukira, koma ndinaphunzira kuti mawu amene mu Limbe akanasowera m'phokoso la oitanira minibasi, kuno amakhala chaka chathunthu. Amene mwakangana naye pamsewu ndi yemweyo adzakuthandizeni pa kauntala ya ofesi mawa, kapena ndi mphunzitsi wa mwana wanu. Ngongole ya pagolosale yosabweza imadziwika dera lonse. Ena amati uku n'kusowa ufulu. Ine ndimaona kuti kumamuwongola munthu, ngakhale ndikuvomereza kuti wokonda kukhala payekha amavutika miyezi yoyamba.

N'chifukwa chake moni ndi wofunika kwambiri kuno. Kudutsa anthu atakhala pakhonde osawalonjera ndi mlandu umene sakuuzani, koma amausunga. Maliro akagwa m'dera lanu, pitani, perekani chipepeso, khalani nawo pasiwa ngakhale womwalirayo simunamudziwe. Mukangolowa m'nyumba yatsopano, kadziwonetseni kwa mfumu ya deralo. Kali kokha n'kanyama, ndipo tsiku limene zovuta zidzagwe pakhomo panu, anthu adzakumbukira ngati nkhope yanu inkaoneka pa zovuta zawo. Dziwaninso kuti Zomba ndi kwawo kwa Ayao ndi Alomwe ambiri, ndipo Asilamu ndi ochuluka. Lachisanu masana mashopu ena amatseka kaye eni ake akapita kumzikiti, ndipo mukaitana anzanu kudzadya ndi bwino kuganizira amene azinge nkhuku yophika tsikulo. Mawu ochepa a moni m'Chiyao amatsegula mitima kuposa mmene mungaganizire.

Nanga za ndalama? Zakudya zambiri zimachokera pafupi. Mpunga ndi nsomba zimabwera kuchokera ku chigwa cha Chilwa, masamba ndi tomato amapezeka m'misika ya Thondwe, Songani ndi Jali, ndipo mbatatesi ndi zipatso zimatsika kuphiri. Nyumba imene ku Blantyre simukanaikwanitsa, kuno mukhoza kuipeza, kupatula madera oyandikira yunivesite monga Chikanda, kumene ophunzira ogonera kunja kwa sukulu amalimbirana zipinda ndipo eni nyumba amawerengera lendi pa mutu wa munthu. Koma katundu wa m'sitolo, simenti, zipangizo za galimoto ndi zovala zambiri amachokera ku Limbe, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, ndipo mtengo wa ulendowo umalowa m'mtengo wa katunduyo. Zimene mwapulumutsa pa ndiwo mukhoza kuzitaya pa maulendo ngati mtima wanu ukadali ku Blantyre Loweruka lililonse.

Wamalonda ndiye ayenera kusamala kwambiri moto, pakuti kamphika kamapserera msanga. Ndalama ya mu Zomba imachokera kwambiri m'thumba la boma. Kuno kuli University of Malawi, ofesi ya mayeso ya MANEB, National Statistical Office, nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ndende yaikulu ndi zipatala. Mafakitale akuluakulu kulibe. Choncho msika umapuma motsatira malipiro: kumapeto kwa mwezi kumakhala piringupiringu, pakati pa mwezi ogulitsa amangoingitsa ntchentche, ndipo makasitomala ambiri amapempha kutenga pangongole. Yunivesite ikatseka, ogulitsa tchipisi, ometa tsitsi ndi osindikiza mapepala amamva m'thupi nthawi yomweyo. Ndaonapo anthu akubwera ndi katundu wodzaza shopu ngati wa mu Limbe, n'kutha miyezi isanu ndi umodzi ndalama yonse itagona m'mashelefu. Yambani pang'ono, onani chimene anthu akusowa, ndipo musatsegule geni yofanana ndi ya mnzanu khomo loyandikana, chifukwa ogula ndi omwewo ndipo mudzangogawana njala. Mbali inayo, mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Luso limene mu Blantyre lili ndi anthu zana, kuno mwina lili ndi awiri, ndipo ntchito yabwino imadzilengeza yokha popanda chikwangwani.

Wofuna ntchito yolembedwa asasamuke asanaipeze. Mipata ndi yochepa, ndipo amene ali pantchito sachokapo msanga. Banja limene bambo wasamutsidwa koma mayi ankagwira ntchito pakampani likambirane nkhani imeneyi mofatsa katundu asanakwere lole.

Za chipatala ndi sukulu musade nkhawa kwambiri. Zomba Central Hospital ndi chimodzi mwa zipatala zinayi zikuluzikulu za boma zolandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma, ngakhale matenda ena amafunikabe ulendo wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala amene amamwa mankhwala osowa adziwiretu kumene azikawapeza. Sukulu zilipo zabwino, kungoti malo amatha msanga.

Pali china chimene anthu satchula: usiku wa mumzinda waung'ono ndi wautali. Ikamakwana 8 koloko misewu yambiri imakhala itatha anthu, ndipo wozolowera magetsi ndi nyimbo za m'tauni yaikulu amamva ngati wataika. Miyezi itatu yoyamba mudzasowa anzanu, mudzayerekeza chilichonse ndi kumene mwachoka, mwinanso mudzanong'oneza bondo. Zimenezi zimatha mukapeza mpingo, gulu la banki mkhonde kapena anzanu oonera nawo mpira. Ine chinandichiritsa ndi phiri. Limaoneka paliponse pamene mwaima, lalitali mamita pafupifupi 2,000, ndipo m'mwamba mwake muli damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda. Loweruka lina ndinakwera ndi ana anga njira ya ku Ku Chawe, tinagula mastroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, n'kuima poyang'ana chigwa chonse mpaka kunyanja ya Chilwa. Tikutsika, wamkuluyo anafunsa ngati tingabwerenso sabata yamawa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za kubwerera ku Blantyre. Phiri lomwelo limabweretsa mvula yambiri ndi chisanu cha mu June ndi July, choncho mabulangete musagulitse posamuka.

Inu amene kalata yokusamutsani ili m'manja, kapena mukungolingalira zochoka m'tauni yaikulu, bwerani kaye mudzagone masiku atatu, makamaka pakati pa mwezi ndiponso nthawi ya dzinja. Nyumba imene mwaikonda mukaione mvula itagwa, muone njira yake ndi denga lake. Funsani oyandikana nayo za madzi ndi za akuba, osati mwini wake yekha. Ndipo tsiku limene lole idzaime pakhomo, musanatsitse ndi mpando umodzi womwe, yambani mwapita kukapereka moni kunyumba yoyandikana nanu.