Tisawaiwale Osewera Mpira Akapuma: Za Matenda a Maganizo

Mpira wamiyendo ndi masewero amene Amalawi timawakonda kwambiri. Akuluakulu pakati pathu amakumbukirabe chimwemwe chimene chinadzaza dziko lino pamene timu ya Flames inatenga chikho cha m'chigawo cha kuvuma ndi pakati pa Africa mu 1978, mu 1979 ndiponso mu 1988. Achinyamata nawonso anasangalala mu Januwale 2022 pamene timuyi inafika m'ndime ya matimu 16 ku Cameroon. Koma pali funso limene sitidzifunsa kawirikawiri: wosewera uja akasiya mpira, anthu nkuleka kumuwombera m'manja, mtima wake ndi maganizo ake zimakhala bwanji?

Ntchito ya mpira ndi yaifupi. Osewera ambiri amasiya asanakwanitse zaka 40, ndipo ena amasiya msanga chifukwa chovulala bondo kapena kakolo. Munthu wotere amataya zinthu zingapo nthawi imodzi: malipiro, anzake amene ankakhala nawo tsiku ndi tsiku, ndondomeko ya moyo wake, ngakhalenso dzina limene ankadziwika nalo. Ngati anasiyira sukulu panjira pothamangira mpira, ntchito ina imavuta kupeza, pamene abale akumudalirabe monga kale. Izi sizichitikira okhawo amene anasewera m'matimu akuluakulu. Kuno ku Mwaya ndi m'midzi ina ya m'boma la Nkhata Bay, mnyamata amene mudzi wonse unkamutchula dzina pabwalo angathe kupezeka atakhala yekha pagombe akusoka ukonde, popanda womufunsa za moyo wake.

M'maiko ena akatswiri analifufuza vutoli. Mu 2015 bungwe la osewera mpira padziko lonse la FIFPRO linapeza kuti mwa osewera opuma amene anafunsidwa, 35 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za nkhawa kapena za kukhumudwa kopitirira muyeso. Ku Canada ndi ku United States kuli masewero a hockey, amene amaseweredwa pa madzi oundana, ndipo osewera ake amagundana ndi kumenyana kwambiri. Mu 2011, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kunamwalira osewera atatu odziwika ndi kumenyanako: Derek Boogaard, Rick Rypien ndi Wade Belak. Belak anali atangopuma kumene chaka chomwecho, ali ndi zaka 35. Boogaard anafa atasakaniza mowa ndi mankhwala opha ululu, ndipo madokotala atayeza ubongo wake anaupeza utawonongeka chifukwa cha kumenyeka mutu mobwerezabwereza.

Ku mpira wamiyendo nakonso nkhani ya mutu ilipo. Jeff Astle wa ku England atamwalira mu 2002, wofufuza za imfa anagamula kuti matenda ake a ubongo anadza chifukwa cha kumenya mpira ndi mutu pa ntchito yake. Mu 2019 akatswiri a ku Glasgow anapeza kuti amene anasewerapo mpira ngati ntchito ku Scotland ankafa ndi matenda oononga ubongo mowirikiza katatu ndi theka kuyerekeza ndi amuna ena. Choncho wosewera wakale akayamba kuiwalaiwala kapena kupsa mtima msanga, pangakhale chifukwa cha m'thupi chimene dokotala ayenera kuchiona.

Zizindikiro zake tingathe kuziona tonse. Munthu amasowa tulo kapena amangogona usana wonse, safuna kudya, amadzipatula, amaleka kubwera ku tchalitchi ndi ku mphakati, amayamba kumwa kachasu kapena kusuta chamba mopitirira, ndipo nthawi zina amanena kuti iye alibenso phindu. Zimenezi zikapitirira masabata awiri, tidziwe kuti ndi matenda. Tsoka lake ndi lakuti ambirife timathamangira kunena kuti walodzedwa, ndi waulesi, kapena chikhulupiriro chake chazilala. Amuna nawonso analeredwa ndi mau akuti mwamuna salira, motero amabisa mpaka zinthu zitafika poipa.

Malembo Oyera sabisa za kulefuka kwa anthu amphamvu. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 19, mneneri Eliya atangopambana pa phiri la Karimeli anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo ndi kupempha imfa. Mulungu sanamudzudzule. Anamutumizira mngelo ndi chakudya ndi madzi, namulola kugona, kenaka anamupatsa ntchito yatsopano. Yohane Woyera wa Mulungu, amene anabadwa mu 1495 namwalira mu 1550, anatsekeredwapo m'chipatala ku Granada ngati wamisala, nakwapulidwa monga ankachitira odwala otere masiku amenewo. Atatuluka anadzipereka kusamala odwala mwaulemu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, m'ndime 2282 ndi 2283, amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungathe kuchepetsa mlandu wa munthu amene wadzipha, ndi kuti Mpingo umawapempherera anthu otere. Tisaweruze banja limene lagweredwa tsoka lotere.

Chithandizo chilipo, ndipo sichili kutali. Ana a Yohane Woyera uja, Abale a St John of God, akhala akutumikira odwala matenda a maganizo ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Kumeneko amapereka uphungu ndi mankhwala, amathandiza ofuna kusiya mowa ndi chamba, ndiponso amaphunzitsa ogwira ntchito zachipatala. Kuchokera ku Nkhata Bay ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 50. Poyambira pabwino ndi chipatala cha boma cha Nkhata Bay kapena chipatala chaching'ono cha pafupi, kumene angamuone munthu ndi kumutumiza koyenera. Pemphero ndi mankhwala sizitsutsana, pakuti zonse ndi mphatso za Mulungu mmodzi.

Tsono ife akhristu tichite chiyani? Choyamba, atsogoleri a miphakati adziwe osewera akale a m'dera mwao, aziwayendera monga amayendera odwala ena. Chachiwiri, akatekisiti aphunzire kumvetsera modekha ndi kusunga chinsinsi. Ngati munthu akulankhula zofuna kufa, timufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu. Akavomera, tisamusiye yekha, tichotse chingwe ndi mankhwala a m'munda, ndipo timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Chachitatu, tiwapatse osewera akalewa udindo wophunzitsa matimu a achinyamata a m'parishi, chifukwa munthu amene akudziwa kuti akufunikabe amaona chifukwa chodzukira m'mawa. Chachinayi, makolo ndi aphunzitsi alimbikitse ana kuti mpira uziyendera limodzi ndi sukulu kapena ntchito yamanja, ndipo mwana amene wagunda mutu nkuchita chizungulire atuluke m'bwalo mpaka ataonedwa ndi achipatala.

Ulemu wa munthu suchokera ku zigoli zimene anamwetsa, koma kwa Mulungu amene anamulenga m'chifaniziro chake. Tikupempha mphakati uliwonse kuti pa msonkhano wake wotsatira ukambirane nkhaniyi, ndi kusankha anthu awiri oti akayendere mbale amene wakhala nthawi yaitali osaoneka pakati pathu.