Mwana akatsika kumsana, ndani amamufunsa za m'thupi mwake?

Powerenga thupi la khanda, mayi wa kwathu kuno sasowa mphunzitsi. Mwana akangoyamba kuvutavuta kumsana, mayi amadziwa kale ngati ndi njala, tulo kapena kutentha, ndipo amamugwedeza, kumusisita ndi kumung'ung'udzira kanyimbo uku ntchito ili m'manja. Zimenezi asayansi anachita kuziyeza. Mu 1986 ofufuza a ku Montreal, ku Canada, anapeza kuti makanda onyamulidwa maola ochulukirapo pa tsiku ankalira mocheperako ndi 43 peresenti, ndipo mu 2013 gulu la Kumi Kuroda ku Japan linaonetsa kuti mayi akanyamula khanda n'kumayenda nalo, mtima wa khandalo umatsika kagundidwe nthawi yomweyo. Pamene timapunthwa m'pamene mwana watsika kumsana. Luso lija limatsalira mwa mayi, silifika kwa mwini thupi, ndipo chimene mwana amayamba kumva ndi chakuti "tonthola", "ukulira chiyani iwe", "mwamuna salira". Apa mpamene tiyenera kuphunzirako kwa anzathu a kunja, koma mosankha.

Ku America ganizo lakuti mantha ndi mkwiyo zimayambira m'thupi ndi lakale. William James analemba mu 1884 kuti thupi limayamba lasintha, kenako munthu amazindikira kuti waopa. Akatswiri akhala akutsutsana za tsatanetsatane wake, koma m'masukulu ganizoli linabala njira zogwirika. Ina ndi ya Leah Kuypers, yotchedwa Zones of Regulation, imene inatuluka mu 2011. Mwana amasankha mtundu woimira mmene alili: buluu akafooka kapena akakhumudwa, wobiriwira akakhala bwino, wachikasu mtima ukayamba kuthamanga, wofiira akafika pophulika. Mphunzitsi amamufunsa ngati m'manja mwachita thukuta, ngati wakukuta mano, ngati kumaso kwatentha, kenako amamuthandiza kupeza chochita, kaya kupuma mozama, kumwa madzi kapena kukhala padera pang'ono. Nzeru yake ndi yakuti chibakera chisanatuluke, thupi limakhala litachenjeza kale, ndipo mwana wodziwa chenjezolo amapeza kamphindi kosankha. Kafukufuku wa Joseph Durlak ndi anzake wa mu 2011, yemwe anaphatikiza mapologalamu osiyanasiyana 213 okhudza ana oposa 270,000, anasonyeza kuti maphunziro a mtundu umenewu amachepetsa khalidwe losokoneza ndipo ana amakhozanso bwino m'kalasi.

Komabe si zonse zochokera kunja zimene zili mankhwala. Ku Britain, kafukufuku wamkulu wa MYRIAD, wokhudza ana oposa 8,000 a zaka 11 mpaka 14, anapeza mu 2022 kuti kuphunzitsa kalasi yonse kusinkhasinkha mwakachetechete sikunapose maphunziro a masiku onse, ndipo ana ambiri sankazichita n'komwe akafika kunyumba. Njira zambiri za Azungu zimamusenzetsa mwana katundu wodzikhazika mtima pansi yekha, pakona pake, ndi tchati chake. Kwathu munthu sakhazikika mtima ali yekha. Pamaliro anthu amalira pamodzi, amachezera ndi nyimbo usiku wonse, ndipo namfedwa amagwiriziridwa ndi manja a anzake. Pa fulaye, phada ndi jingo mwana amaphunzira kudikira nthawi yake, kugonja osathawa masewero, ndi kubwererana ndi amene anakangana naye. Ku Japan aphunzitsi a sukulu za ana aang'ono amachita dala kuonerera patali ana akayambana, kuti athetse okha, zimene kwathu zimachitika pabwalo madzulo aliwonse. Chuma chimenechi tisachisinthanitse ndi mapepala amitundumitundu. Chimene chikusowa mkati mwake ndi funso chabe. Pamaliro omwewo, kawirikawiri mwana wamasiye amapatsidwa phala n'kutumizidwa kukasewera, popanda womufunsa chifukwa chake m'mimba mukumupotokola kapena tulo sitikubwera.

Alipo amene anganene kuti uku n'kulekerera ana, ndipo kuti mwana wofunsidwafunsidwa za mumtima mwake amakula wolira msanga ndi wamwano. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, chifukwa kuugwira mtima ndi khalidwe limene limasunga mabanja ndi midzi, ndipo palibe akufuna kulitaya. Koma munthu amaugwira mtima akaumva ukukwera. Mwana woopsezedwa ndi chikoti amaphunzira kubisa nkhope, pamene za m'thupi zikupitirira, ndipo zimadzatulukira kwina: mutu wosapola, kukodza pogona, kukana sukulu, kumenya ang'ono ake. Jean Briggs, amene anakhala pakati pa a Inuit a kumpoto kwa Canada m'zaka za m'ma 1960, anadabwa ndi kudziletsa kwa akuluakulu a kumeneko, amene ankaona kupsa mtima ngati chibwana. Iwo sakalipira mwana wamng'ono. Amadikira kuti mtima wake utsike, kenako mwamasewero amamuputa pang'ono ndi kumufunsa mafunso, kuti ayeserere kudzigwira. Anthu odziletsa kwambiri aja amafika pamenepo pophunzitsa modekha, osati poopseza. Taganizirani mwana wa ku Chilobwe amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu 2023, mvula ikamalira pamalata iye n'kuyamba kunjenjemera. Kumuuza kuti alimbe mtima sikuletsa kunjenjemerako. Kumugwira dzanja, kumuuza kuti thupi lake likukumbukira tsiku lija, ndi kupuma naye limodzi mpaka litadekha, n'kumene kumamanga kulimba mtima kwenikweni.

Ena adzati izi ndi za mayiko olemera, pakuti mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo alibe nthawi yofunsa aliyense. Zoona, sangathe, ndipo mwana wobwera osadya sangakhazikike ndi mawu okha. N'chifukwa chake phala la kusukulu, monga la Mary's Meals imene inayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, ndi mbali ya nkhani yomweyi. Koma umphawi ukuwonjezera kufunika kwa lusoli. Kumene chipatala chili kutali, mwana wotha kunena msanga kuti akumva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi amafika kwa adokotala malungo asanakule. Mwana wozolowera kumvetseredwa akanena za thupi lake ndi amenenso amaulula wina akamugwira mosayenera. Ndipo ntchitoyi siyofuna madigiri. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi maganizo, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anatsimikiza kuti odwala ankapeza bwino. Ngati agogo angathandize akuluakulu motero, sangalephere kufunsa mdzukulu kuti, "Ukumva bwanji, mwanawe? Tandilozera pamene pakuvuta."

Malo ake alipo kale. Sukulu za mkombaphala zili m'midzi yambiri, phunziro la Life Skills lili m'mapulayimale, Sande sukulu ndi madrasa zimasonkhanitsa ana sabata iliyonse. Ophunzitsa alezi a mkombaphala ndi makoleji a aphunzitsi aike lusoli m'maphunziro awo, m'zilankhulo zathu, kudzera m'nyimbo ndi masewero amene ana amawadziwa kale. Ndipo inu makolo, mwana akabwera akulira, musanamutontholetse yambani mwamufunsa pamene akumva kuwawa, n'kudikira kuti ayankhe yekha.