Kulimbitsa Thupi Pakhomo kwa Makolo Otanganidwa

Makolo ambiri a m'boma la Rumphi amangoseka akamva mlangizi wa zaumoyo akunena za masewera olimbitsa thupi. Munthu amene wadzuka tambala woyamba, walima mpaka dzuwa pa liwombo, watunga madzi ndi kusenza nkhuni, angafunenso masewera anji? Funsoli n'lomveka, ndipo pa miyezi ya dzinja mlimi wotere safunikadi kuonjezera kanthu. Khasu limamkwanira.

Vuto lili pa miyezi ina ndiponso pa anthu ena. Mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena ku chigwa cha Henga amakhetsa thukuta kuyambira pa nazale kufikira pothyola. Koma fodya akauma amakhala pansi m'chigafa masabata ambiri, kusankha masamba ndi kumanga mindindi, msana uli chipindire. Mphunzitsi, telala, kalaliki wa pa boma ndi mayi wogulitsa mu okala amakhala kapena kuima malo amodzi chaka chonse. Mtunda umene kale unali woyenda pansi, lero ambiri amakwera kabaza wa njinga yamoto. Chimene sichinachepe ndi mchere, shuga ndi mafuta m'chakudya.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'chaka cha 2009 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti mwa akulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa n'komwe. Nthendayi inapezeka kumidzi monga m'tauni momwe. Imayenda mwakachetechete, ndipo nthawi zina imadziwika bambo kapena mayi atafa kale ziwalo mbali imodzi, ana akadali pa sukulu.

Mtima ndi mnofu, ndipo monga mnofu wina uliwonse umalimba ukamagwiritsidwa ntchito. Munthu akayenda mofulumira, misempha ya magazi imatseguka ndi kufewa, ndipo minofu ya miyendo imatenga shuga m'magazi n'kumugwiritsa ntchito. N'chifukwa chake kuyenda kumathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kupewa nthenda ya shuga.

Nanga nthawi ichokera kuti? Malangizo amene World Health Organization inatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Chiwerengerochi chimaoneka chachikulu, koma ndi mphindi 30 zokha pa masiku asanu. Chosangalatsa n'chakuti malangizowo anachotsa lamulo lakale lakuti munthu azichita mphindi 10 mosalekeza kuti ziwerengedwe. Mphindi zisanu m'mawa, zina masana, zina madzulo, zonse zimaphatikizidwa.

Tsono kholo silifunika kufuna nthawi yapadera. Lingolowetsa zolimbitsa thupi m'zimene limachita kale. Bambo woperekeza mwana ku sukulu ayende ndawala pobwerera. Mayi wopita ku sikelo kapena ku chigayo, ngati alibe katundu wolemera ndipo sakudwala, atsike kabaza patali pang'ono n'kutsiriza ulendo pansi. Rumphi ali ndi mwayi wa zitunda. Anthu a ku Phoka ndi a ku Livingstonia, amene amakwera mapiri tsiku ndi tsiku, ambiri amakwaniritsa muyezowu osadziwa. A kunyanja, ku Chiweta ndi ku Chitimba, ayende m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo amwe madzi.

Muyezo wa kuyenda koyenera ndi wapafupi: munthu azipuma mofulumirirapo, thupi litenthe, athe kulankhula koma alephere kuimba nyimbo. Kuyenda kocheza ndi aliyense wokumana naye panjira n'kwabwino pa ubale, koma mtima sikuukhudza kwenikweni.

Malangizo omwewo amatinso minofu ilimbitsidwe masiku awiri pa sabata. Apa zipangizo zake ndi mpando ndi khoma basi. Podikira kuti madzi a nsima awire, munthu akhale pa mpando ndi kuimirira kakhumi osagwira paliponse. Kenaka atsamize manja pa khoma, apinde zigongono ndi kudzikankha kakhuminso. Wosankha fodya ndi wosoka pa makina aimirire ora lililonse, aongole msana, azungulire nyumba kawiri. Ena amachita manyazi kuti anansi aziti mkulu wayamba zachibwana, koma zonsezi zimatheka m'nyumba kapena kuseri kwa mpanda. Ndipo m'dera limene vimbuza ndi malipenga n'zodziwika, kuvina ndi ana madzulo sikungadabwitse munthu.

Amene wakhala nthawi yaitali osachita zotere ayambe pang'ono, ndi mphindi zisanu, n'kumaonjezera sabata ndi sabata. Akamva kupweteka pa chifuwa, chizungulire kapena kubanika, aleke pomwepo ndipo apite ku chipatala. Mayi woyembekezera ndi amene wabereka kumene ayambe wafunsa anamwino a ku sikelo. Amene akumwa kale mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga asawasiye chifukwa chakuti wayamba kuyenda. Apitirize kumwa ndi kukayezetsa pa tsiku limene anauzidwa, ndipo adokotala okha ndiwo angasinthe mlingo wa mankhwalawo.