Tsiku lomwe ndinatsala pang'ono kuwotcha Land Rover ya amalume

Amalume anga ali ndi Land Rover Series III, mtundu womwe unkapangidwa ku England kuyambira 1971 mpaka 1985. Ndi yomwe amanyamulira matumba a chimanga ndi nandolo kupita nawo ku Limbe, ndipo fizi ya ana awo imachokera momwemo. Ikakhala pa liwiro siivuta. Koma ingoima pa mzere wa galimoto m'tauni dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, muvi wa kutentha umayamba kukwera. Tsiku lina madzi anawira, nthunzi ili tolotolo pansi pa boneti. Amalume anati zikachitikanso, gasiketi ipsa, ndipo ndalama yokonzetsera injini alibe.

Chomwe chimavuta ndi ichi. Petulo akamapsa mu injini, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake limalowa m'madzi oziziritsa injini ngati kutentha. Madziwo amapita ku redieta, ndipo mpweya wodutsa m'timipata ta redieta ndi womwe umachotsa kutenthako. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha. Ikaima, ntchito yonse imatsalira fani. Tsono fani ya galimoto zakale imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Injini ikamalira pang'onopang'ono pa mzere, faniyo imazunguliranso mwaulesi, pa nthawi yomwe ikufunika kwambiri. Fani ya magetsi ilibe vuto limeneli, chifukwa ili ndi mota yakeyake.

Amalume anagula fani yakale kwa ogulitsa zitsulo za galimoto. Ine, poti Fizikisi ndinkakhoza, ndinadzipereka kuti ndilumikiza. Ndinatenga waya wopyapyala womwe unali m'bokosi la masipanala, ndinaukoka kuchokera ku batire kupita pa kaswichi kakang'ono pafupi ndi chiwongolero, kenako ku fani. Nditatabwanya swichi, fani inazungulira. Ndinadzimva ukatswiri. Pasanathe mphindi zisanu, fungo la pulasitiki wopsa linadzaza m'galimoto. Waya anali wofewa ngati chingamu, kaswichi katasungunuka. Amalume anathamanga n'kumasula batire.

"Iwe, fyuzi waiika pati?" anandifunsa.

"Sindinaike, amalume."

"Nanga samu zakozo unazisiya kusukulu?"

Zoonadi, samuyo ndi ya mzere umodzi. Pa fani panalembedwa kuti ma watt 180, ndipo batire ya galimoto ndi ya ma volt 12. Mukukumbukira kuti P = VI? Gawani 180 ndi 12, mupeza ma amp 15. Kaswichi kanga kanali kolembedwa ma amp 5 okha. Ndinakasenzetsa katundu wopitirira mphamvu yake katatu.

Nanga waya uja anatenthedwa bwanji? Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo wopyapyala amakaniza kwambiri. Kutentha komwe kumabadwa m'waya timakuwerengera ndi I²R. Waya wa kopa wa 0.5 mm², ngati womwe ndinagwiritsa ntchito, uli ndi ma ohm pafupifupi 0.034 pa mita iliyonse. Chulukitsani 15 ndi 15, mupeza 225, ndiye muchulukitse ndi 0.034. Zikutuluka pafupifupi ma watt 8 a kutentha pa mita iliyonse ya kawaya kaja. Waya wa 2.5 mm² ndi wonenepa kasanu, choncho kutentha kwake kumachepa kasanu. Chikopa cha waya wanga chikanang'ambika n'kukhudza chitsulo cha galimoto, magetsi ochuluka zedi akanadutsa nthawi imodzi, popeza panalibe fyuzi yowadula. Galimoto zambiri zimapsa chonchi.

Mawa lake tinayambiranso, ulendo uno ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa relay. M'kati mwake muli waya wokulungidwa pa kachitsulo. Magetsi ochepa akadutsa m'waya wokulungidwayo, kachitsuloko kamasanduka maginito, n'kukoka kachitsulo kena komwe kamatseka njira ya magetsi ambiri. Ndi maginito a magetsi omwe aja mumajambula m'kope. Mbali yokulungidwayi imadya magetsi osafika theka la amp imodzi, koma imalamula ma amp 15 a fani.

Mukatembenuza relay ya galimoto muona timiyendo tinayi tokhala ndi manambala. Pa 30 tinalumikiza waya wonenepa wochokera ku mbali ya + ya batire, kudzera pa fyuzi ya ma amp 25. Fyuziyo tinaiika pafupi kwambiri ndi batire, chifukwa imateteza waya okhawo amene ali kutsogolo kwake. Tinasankha 25 osati 15 popeza mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ambiri kwa kanthawi kochepa. Pa 87 panachoka waya wina wonenepa kupita ku fani, ndipo waya wachiwiri wa fani tinaumangirira pa chitsulo cha galimoto titapala dzimbiri. Chitsulo cha galimoto ndiye njira yobwerera magetsi ku batire. Pa 86 tinaika waya wopyapyala, wokhala ndi fyuzi yake yaing'ono, wochokera pamalo omwe amakhala ndi magetsi pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, kuti fani isamalize batire galimoto itazimitsidwa. Pa 85 panachoka waya wopita ku swichi ya kutentha, kenako ku chitsulo cha galimoto.

Swichi ya kutenthayi tinaiika pa paipi ya madzi a redieta. M'kati mwake muli kambale ka zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi. Zikatenthedwa, china chimafutukuka kuposa chinzake, kambaleko n'kupindika, njira ya magetsi n'kutsekeka. Yathu imayatsa fani madzi akafika madigiri 92, n'kuizimitsa akatsika kufika pa 87. Kusiyana kwa madigiri asanuku n'kwadala. Pakanakhala nambala imodzi, fani bwenzi ikungoyaka n'kuzima mphindi iliyonse mpaka relay kutha.

Panatsala msampha umodzi. Mota ya mtundu uwu ukasinthanitsa mawaya ake awiri, imazungulira chobwerera. Fani yathu inali kuseri kwa redieta, mbali ya injini, ndiye inayenera kukoka mpweya kuchokera panja. Amalume anang'amba pepala la m'kope langa n'kuliika kutsogolo kwa redieta. Fani itayaka, pepalalo linauluka kugwera pansi. Ndiye kuti inkakankhira mpweya kutsogolo, kulimbana ndi mphepo yomwe imalowa galimoto ikamayenda. Tinasinthanitsa mawaya, pepala linamatirira pa redieta.

Ngati kwanu kuli galimoto yakale ndipo mukufuna kuona zimenezi ndi maso, chitani pali munthu wamkulu wodziwa ntchitoyi. Musanagwire waya aliyense, masulani mbali ya batire yomwe yalumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Musatsekule chivundikiro cha redieta injini ili yotentha: madzi a m'katimo amakhala opanikizika, ndipo amatha kupitirira madigiri 100 osawira, koma mukangotsekula amawira nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso. Zala zikhale kutali ndi fani, chifukwa imayaka yokha osachenjeza.

Loweruka lotsatira tinaima pa mzere kwa nthawi yaitali titanyamula matumba khumi. Ine maso anali pa muvi. Unakwera pang'ono, kenako tinamva relay ikuti tcha, fani n'kuyamba kulira, muvi n'kubwerera pakati. Amalume sanayankhule kanthu. Kaswichi kosungunuka kaja anakapachika ndi kachingwe pa galasi loonera m'mbuyo, ndipo kali pompo mpaka lero.