Kugula Sabata ya Chuti: Mabanja a mu Chilenje Ayambe Aganiza

Masukulu akatsekedwa m'mwezi wa August, mabanja ambiri a mu Chilenje amakwera basi kupita kumudzi kukaona makolo, ena nafika ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba. Koma alipo ena amene akopeka ndi makonzedwe ochedwa timeshare.

M'makonzedwe amenewa, amene anayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, munthu sagula nyumba yonse ai. Agula cabe ufulu wokhalamo sabata imodzi caka ciri conse, kumalo monga Durban kapena Sun City ku South Africa. Masabata otsalawo ali ndi eni ace ena.

Mtengo wogulira sindiwo mapeto. Caka ndi caka mwini sabata alipira ndalama zosamalira nyumbayo, kaya wapitako kaya sanapite, ndipo kumeneko alipira m'marandi. Madandaulo anacuruka kotero kuti mu 2017 bungwe la National Consumer Commission la dzikolo linafufuza nkhaniyi. Ambiri anadandaula za mapangano osatha amene analephera kuturukamo.

Banja lisanasaine pangano lotere, liyenera kudzifunsa ngati masiku a chuti alidi m'manja mwace. Maliro a ku Petauke sayang'ana kalendala, ndiponso mayunifomu ndi mabuku a ana afunika mu January. Banja limene chuti cace cimathera kwa abale lingacite bwino kusunga ndalamazo, ndi kukalipira malo ogona ku Siavonga pa caka cimene thumba lalola.